Mzere wa pa Kazenera ka Phoso

Senderani kuno, khalani pabenchi pano, matumba anuwo palibe amene awabe. Magetsi akazima nthawi ino sabwera msanga, chigayo chikhala chete mpaka dzuwa lipendeke. Mwandifunsa chifukwa chake ndimatuma ena kundigayitsira, osaima pamzere ngati anzanga. Ena amati ndi matama, ena amati ndi miyendo. Si zimenezo ayi. Senderani ndithu, nkhani iyi sifuna kukweza mawu.

Ine ndine Elube, mwana wa a Khoviwa a ku Nanthalika. Sukulu sindinapite nayo patali, koma chimene ndachiona ndi maso angawa sindiiwala, ngakhale mtundu wa malaya amene munthu anavala tsikulo.

Kwathuko kuli nyumba yakale ya njerwa zofiira, ya nthawi ya thangata, pamene makolo athu ankalima minda ya mzungu kuti aloledwe kukhala pamalo. Mzunguyo anthu ankangomutcha Chipewa, poti ngakhale pamaliro sankavula. Nyumbayo inali sitolo yake yosungiramo ufa, mchere ndi makasu. Iye atachoka, inakhalapo sikelo ya ana, inakhalapo tchalitchi cha anthu asanu ndi awiri, kenako inangosanduka ya mbuzi ndi mileme. Anthu anayamba kuzula njerwa imodziimodzi kukachita mafuwa. Kenako kunabwera mkulu wina wa malonda, ati aigwetse amangepo bala.

Apo ndi pamene a Mulinga, aphunzitsi opuma, anaitanitsa anthu pansi pa mtengo nati, "Abale, nyumba iyi ikagwa, ana athu adzati thangata inali nthano." Tinapanga bungwe, tinalitcha Osunga Nyumba Zakale. Tinalipo khumi ndi anayi. Ndisawanamizire, anali anthu abwino. Palibe ankalandira kanthu. Loweruka lililonse abambo ankatchetcha udzu, kukumba chiswe ndi kukhoma malata ovundukuka, ife amayi kutunga madzi, kusesa ndi kuchotsa ndowe za mileme mpaka maso kufiira. A Mulinga ankalemba makalata ku boma osatopa, mpaka linabwera pepala lonena kuti nyumbayo ndi yotetezedwa, wina asaikhudze. Tsiku limenelo tinavina, ine mpaka mpango unagwa.

Tinali ndi malamulo athu. Simenti ayi, chifukwa simenti imadya njerwa yakale. Laimu ndi dothi basi. Njerwa ikachotsedwa pakhoma, ilembedwe nambala ndi choko kuti ibwerere pomwe inachoka. Koma lamulo lalikulu, limene tinkatsekera nalo msonkhano ngati ameni, linali lakuti, "Nyumba ibwerere mmene inalili."

Mmisiri wathu anali achimwene anga, a Wedisoni. Munthu wamtali, woseka ndi mano onse. Ndi amene anandilera makolo atatisiya. Akazi awo atamwalira ndinkawaphikira ndine, nyumba zathu zinali pabwalo limodzi. Kiyi wa nyumba yakaleyo ankasunga ndine, poti ndinkasesako madzulo alionse.

Tsiku lina a Mulinga anabwera kuchokera ku tauni ndi chithunzi chakale cha nyumbayo. Tinaunjikana kuchiona. Khonde linalipo, mtengo wa mango unalipo udakali waung'ono, koma khomo lalikulu la kumadzulo, limene tonse tinakula tikulowera, panalibe. Pamalo pake panali khoma, ndi kazenera kakang'ono kotsika, kolekeza m'chiuno mwa munthu.

"Mwaona, abale?" anatero a Mulinga, chala chili pachithunzi. "Khomo la kumadzuloli si la nyumbayi. Apa panali kazenera ka phoso."

Ana a masiku ano simulidziwa phoso. Kanali kaufa ndi kamchere kamene anthu a thangata ankalandira m'mawa asanapite kumunda. Kazenerako anakamanga kotsika dala, kuti aliyense wolandira, kaya ndi nkhalamba ya imvi, awerame pamaso pa Chipewa amene ankaima mkati.

Ine ndinakweza dzanja. "Koma aphunzitsi, khomo limenelo anaboola ndi bambo athu. Chaka chimene Chipewa anachoka, iwo ndi anzawo anatenga nyundo nagumula kazenerako, amayi akuimba nthungululu. Bambo ankati tsiku limenelo munthu analowa m'sitolomo choimirira."

"Zoona, mayi Khoviwa," anayankha a Mulinga, "ndipo tidzazilemba pachikwangwani. Koma ana aone ndi maso awo mmene makolo ankazunzikira. Mbiri sitiikonza kuti ikome. Lamulo lathu likuti chiyani?"

"Nyumba ibwerere mmene inalili," anthu anayankha.

Achimwene anandigunda ndi chigongono. "Chemwali, usadandaule. Bambo anagumula, mwana amanga. Ntchito isachoke pabanja."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, Mulungu andikhululukire.

Njerwa sitinavutike nazo. Potchetcha kuseri tinapeza mulu wake mu chitedze, zosanjikizidwa bwinobwino ngati wina ankadziwa kuti zidzafunikanso. Achimwene anamanga masiku atatu, ndipo sipanatsale njerwa kapena kuperewera. Madzulo a tsiku lachitatu akusamba m'manja anandiuza kuti, "Zaka zonse ndamangazi sindinaonepo zotere. Njerwa izi sindikuziika ine, zikuthamangira zokha m'malo mwake." Ankaseka, koma anakhalitsa akuyang'ana zikhatho zawo.

Mu udzu momwemo tinapezanso chidutswa cha njanji, chitsulo chimene kapitawo ankaimba poitana anthu. Pachithunzi chinali chopachikidwa pamango, ndiye nafenso tinachipachika pamango. A Mulinga anachimenya kamodzi ndi mwala, kungoyesa. Mbalame zonse zinathawa mumtengo. Kulira kwake kunandilowa m'mano.

Lolemba m'mawa nsengwa yanga inasowa pathandala. Anzanga oyandikana nawo, mayi Nampeya, amenenso anali a m'bungwe, mbale yawo yachitsulo inasowa. Tinanamizira agalu, tinanamizira ana. Nditapita kukasesa ndinazipeza pansi pa kazenera, pamodzi ndi mbale zina zisanu za m'mudzi, zosanjikizana. Ndinazibwezera kwa eni ake. M'mawa mwake zinasowanso.

Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lili ngati ufa. Bwalo ndikalisesa madzulo linkasalala, ngakhale nyerere ikadutsa umaona. Lachitatu ndinalawira kukatenga nsengwa yanga, ndipo ndinaona mapazi. Mapazi opanda nsapato, otambalala zala, a anthu amene sanavalepo nsapato chibadwire, ming'alu ya zidendene yoonekera pafumbi. Aakulu, aang'ono, lina lokoka mwendo. Anandandalika limodzi kumbuyo kwa linzake, kuchokera kumsewu, kudutsa pamango, kudutsa pathanki yakale ya madzi, mpaka pakazenera. Ndinazungulira nyumba yonse kufuna obwerera. Panalibe.

A Mulinga nditawaonetsa anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. "Ana asukulu awa, mayi. Amva za phoso, ndiye akusewera."

"Ana asukulu a zidendene zotere?"

"Sesanipo, mayi."

Tsiku lomwelo kumsika ndinakumana ndi Dafita wa kabaza, munthu wosatha nthabwala. Anandikuwira ali patali.

"Amayi a nyumba zakale! Alendo anu aja mukuwagoneka kuti?"

"Alendo ati, iwe?"

Anatsika panjinga. Nditamuona pafupi ndinazindikira kuti sakuseka.

"Lero m'bandakucha ndimachokera kosiya wodwala. Pamlatho paja ndapeza mkulu wina, chiguduli m'chiuno, kamtanga m'manja, akuyenda mwandawala. Ndati, akulu, kwerani, ndikulowera komweko. Akana, ati kapitawo akandiona panjinga andikwapula. Ndati kapitawo wake uti? Angondifunsa kuti, 'Chitsulo chalira kale?' Pocheuka, amayi, si mmodzinso ayi. Ali gulu, onse aima, akudikira ndiyankhe."

"Unali utamwa."

"Kumwa ndimamwa, mudzi wonse ukudziwa. Koma lero ndi dontho lomwe."

"Nanga nkhope zawo?"

"Nkhope musandifunse. Ndapalasa mpaka patapata imodzi ndaisiya komweko, ndipo sindikaitenga. Aivale."

Loweruka m'mawa ndinawatengera achimwene madzi osamba, ndinapeza chitseko chili pululu, mphasa yozizira. Mtima unandiuza kopita. Ndinawapeza kumapeto kwa bwalo la nyumba yakale ija, m'mphepete mwa msewu, ataima njo, opanda nsapato, chipewa chili m'khwapa, mbale yawo yodyera ili m'manja. Kutsogolo kwawo kunali mapazi aja.

"Achimwene, mukutani pano?"

"Khala chete," ananong'ona osandiyang'ana. "Usandichotse pamzere. Ndabwera mochedwa kale."

Ndinawakoka mkono, unali ngati nthambi ya mtengo wouma. Tinaima choncho mpaka dzuwa linagunda malata. Apo anadzidzimuka, nayang'ana mbale, nayang'ana ine.

"Ndafika bwanji kuno?"

"Ndikufunseni ndine."

"Ndinamva chitsulo," anatero. Kenako anayesa kuseka. "Ukalamba uwu, chemwali. Usauze anthu, angandilande ntchito yopanda malipiroyi."

Ine chitsulo sindinachimve, ndipo tulo tanga ndi tochepa.

Lamulungu ndinawapeza atasendera masitepe angapo. Lolemba anali pamango. Tsopano mapazi anali kutsogolo kwawo ndi kumbuyo komwe. Apo ndinamvetsa kuti mzerewo ukuyenda, ndipo achimwene akuyenda nawo. Kuchokera pamango kufika pathanki ndi pafupi. Kuchokera pathanki kufika pakazenera ndi pafupi koposa.

Masana ankakhala ngati munthu, koma osati achimwene amene ndinkawadziwa. Nthabwala zinatha. Pampando anasiya kukhala, ankanjuta pansi pafupi ndi khomo. Msana unayamba kupindika, pang'onopang'ono, ngati nsungwi yomangiriridwa mwala. A Mulinga atadutsa pamsewu, achimwene anadzuka msangamsanga, navula chipewa, nati, "Moni, bwana." Anthu awiri amene anakulira limodzi, ankaba limodzi nzimbe ali anyamata.

Ndinayesa zonse. Ndinapita nawo kuchipatala, anatipatsa mapilitsi a kuthamanga kwa magazi. Ndinaitana akulu a mpingo, anapemphera mpaka mawu kusasa. Lolemba madzulo ndinawatsekera ndi loko kunja. Pokacha loko anali chitsekere, koma chitseko anachizula ndi mahinjesi omwe, nachitsamiritsa pakhoma mwaulemu, zomangira zake ataziika pamodzi pazenera. Mmisiri ndi mmisiri. Chitsulo chija ndinakachichotsa ndekha pamango ndi kuchiponya m'dzenje la zinyalala. Sizinathandize. Ankachimvabe.

Lachitatu anali pathanki. Madzulo ake kunali msonkhano wa bungwe, wokonzekera mwambo wotsegulira nyumbayo, poti Loweruka kunkabwera alendo a ku tauni ndi makamera awo. Ndinaimirira ndisanapatsidwe mpata.

"Abale anga, kazenera kaja tikagumule. Lero lomwe."

A Mulinga anakhosomola.

"Mayi Khoviwa, tonse tikumva chisoni ndi matenda a a Wedisoni."

"Si matenda, aphunzitsi. Mapazi munawaona. Mbale za anthu zikusowa. Mayi Nampeya, yanu mwaitola kangati?"

Mayi Nampeya anayang'ana pansi. "Kasanu. Koma anzanga, nsalu za yunifolomu tasoketsa kale. Ana aphunzira nyimbo. Tingodikira lidutse Loweruka."

"Loweruka achimwene adzakhala atafika pakazenera."

"Ndiye akafika chichitike n'chiyani?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Sindikudziwa. Koma mapazi opita ndawaona. Obwerera sindinawaone."

A Mulinga anatulutsa pepala lija m'chikwama. "Ngakhale titafuna, mayi, nyumbayi tsopano ndi yotetezedwa. Njerwa imodzi sitingaisunthe popanda chilolezo. Tinamenyera tokha zimenezi. Tikayamba ndife kugumula, mawa wa bala uja tidzamuletsa ndi pakamwa pati? Ndipo alendo tikawauza chiyani, kuti tagumula chifukwa cha mizimu? Adzatiseka mpaka ku tauni."

Ndinawayang'anitsitsa. Maso awo anali ofiira, a munthu amene sakugona.

"Aphunzitsi, ndikufunseni pamaso pa anthu. Inu chitsulo simukuchimva?"

Anapinda pepala lija, nalibweza m'chikwama.

"Makutu a ukalamba amalira okha, mayi," anatero. "Tiyeni tikweze manja."

Anakweza manja. Ofuna kudikira anali khumi ndi awiri. Wofuna kugumula ndinali ndekha, poti achimwene anali kunyumba atanjuta pakhomo. Potseka ananena lamulo lija monga mwa masiku onse, koma motsitsa, ngati anthu oba.

Lachinayi ndinawapeza achimwene pakati pa thanki ndi khoma. Ndinayeza ndi maso, ndinaona kuti Loweruka ndanena lija ndinalakwitsa. Kunatsala tsiku limodzi.

Madzulo amenewo ndinatenga nyundo yawo yaikulu ndi kuibisa pansi pa bedi langa. Mayi Nampeya anabwera mozemba, manyazi ali m'maso. "Anzanga, ine dzanja ndinakweza, koma mtima sunakweze. Ngati mukupitako, mangani kamchere pansonga ya chitenje. Amayi anga ankatero podutsa malo oipa." Anandipatsa okha mcherewo, wodzaza dzanja. Ankandifunira zabwino mayi amene aja. Mpaka lero sindiwada, kungoti sindiwapatsa moni.

Ndinati ndilawire ndiwapitirire achimwene, koma tambala woyamba atalira ndinapeza atapita kale. Ndinathamanga, nyundo paphewa. Kunali nkhungu, chinthu chosachitika mwezi umenewo.

Mukufuna ndikuuzeni kuti ndinaona anthu. Sindinaone anthu. Ndinaona nkhungu, ndipo m'nkhungumo munali mipata yoimirira, mipata ya msinkhu wa munthu, yondandalika kuchokera kumsewu. Fungo ndilo linali la anthu: thukuta lakale, ziguduli zonyowa, utsi wa fodya wopota. Wina ankatsokomola chifuwa chozama. Kwinakwake kamwana kankalira motopa, mayi ake n'kumakatonthoza ndi kam'mero. Ndipo pansi pankamveka kukhwekhwereza kwa mapazi, khwe, kenako chete, khwe, kenako chete. Kutsogolo, masitepe awiri kuchokera pakhoma, kunali msana wa achimwene.

Ndinati ndidutse pakati ndifike pakazenera. Ndinagunda chinthu cholimba ngati phewa. Ndinayesa pena, chimodzimodzi. Kenako mawu a mzimayi, pafupi ndi khutu langa, aulemu, otopa:

"Amayi, kumbuyo. Tonsefe tasiya ana."

Ndikuuzani zoona, miyendo yanga inatembenuka yokha. Ndinayenda masitepe atatu kulowera kumapeto kwa mzere ndisanazindikire. Chimene chinanditsitsimutsa ndi kiyi, anandibaya pachifuwa pomwe ndinamumangirira. Ndinaganiza kuti, kunja andikaniza, ndikagumulira mkati. Ndinazungulira kukhonde, ndinatsegula chitseko cha kumaso, chimene kale ankalowera Chipewa yekha.

Mkati munali mdima, kuwala pang'ono kunkalowera pakazenera pokha. Ndinaima patsogolo pake, ndinakweza nyundo. Nthawi yomweyo kuwala kuja kunatsekeka. Mutu unalowa, wowerama, ndi manja awiri atagwira mbale. Manja amenewo ndinkawadziwa, ong'ambika ndi laimu, chikhadabo cha chala chachikulu chakuda. Ndikanamenya, njerwa zikanawagwera pakhosi.

"Achimwene! Ndine Elube. Bwererani m'mbuyo ndigumule."

"Ndilipo, bwana."

"Sindine bwana ine! Ndine mlongo wanu. Munkandibereka kumsana powoloka mtsinje. Tandiyang'anani!"

"Pepani, bwana, ndachedwa. Sindidzachedwanso."

Maso sanakweze. Mbale inkagunda njerwa, ngwe ngwe ngwe. Kumbuyo kwawo kunayamba kung'ung'udza, kwa anthu ambiri amene aima nthawi yaitali. Ankakankha. Ndinkamva chifuwa cha achimwene chikupanikizika pakhoma, mpweya ukutuluka molira ngati wa mbuzi yomangidwa chingwe chothina. Ndinawakankha pamapewa kuti atuluke, osasunthika. Ndinawatchula dzina lawo laubwana, ndinatchula dzina la bambo, la mayi. Iwo ankangoti, "Ndilipo, bwana. Ndilipo."

Ndiye ndinaganiza monga aganizira munthu amene wakhala akuwapakulira chakudya zaka khumi. Ndinati, munthuyu sachoka pano asanalandire kanthu. Ndikamupatsa apatuka, akapatuka ndigumula. M'manja ndinalibe china chilichonse. Ndinamasula nsonga ya chitenje, ndinakhuthulira mchere uja m'mbale mwawo. Unalira waa.

Kung'ung'udza konse kunaleka.

"Zikomo, bwana," anatero achimwene, ndi mawu a munthu amene watula katundu. Mutu unatuluka.

Kuwala kunabwerera kanthawi kochepa ngati kuphethira. Kenako panalowa chipanda chong'ambika, chosokedwa ndi luzi, chogwiridwa ndi manja awiri. Manjawo sindikufotokozerani. Ndingoti anali odekha kwambiri, manja oti akhoza kudikira zaka zina zambiri. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira pomwe ndaima, ndi chimene ndachita. Kazenera kanalipo, chitsulo chinalira, mzere unalipo. Chimene chinkasowa masiku onsewo anali munthu woima mkati n'kupereka. Ndinadzipereka ndekha, ndi kiyi wanga.

Nyundo inandipulumuka. Ndinathawira kukhonde, ndinazungulira nyumba ndikukuwa. Dzuwa linali litagunda malata, nkhungu itatha, bwalo lili mbee. Achimwene anali atakhala pansi chakumanzere kwa kazenera, atatsamira khoma limene anamanga okha, mutu uli pamaondo. Mbale inali pamiyendo, mchere wosatayika ndi kambewu komwe. Thupi linali lofunda. Ndinawagwedeza mpaka anthu anabwera kudzandichotsa.

Kuchipatala anati ndi mtima.

Adzukulu posambitsa thupi analephera kuliwongola. Anayesa madzi otentha, anayesa mafuta. Wamkulu wawo anandiitanira kuseri nati, "Mayi, kuti alowe m'bokosi chagada, tiyenera kuthyola msana." Ndinakana. Ndinati aweramitsidwa mokwanira, musawathyolenso. Kalipentala anakhoma bokosi lina, lalifupi, lotambalala, ndipo achimwene anga, munthu amene ankawerama polowa pakhomo lililonse m'mudzimo chifukwa cha kutalika, tinawaika chogonera m'mbali ngati mwana wozizidwa.

Maliro anali Loweruka, ndiye mwambo anausuntha ndi sabata imodzi. A bungwe anabwera onse, anathandiza kukumba manda, amayi anaphika. A Mulinga analankhula bwino, anati ntchito ya manja a malemu idzakhalapo mpaka kalekale. Ine ndinaluma mpango kuti ndisakuwe.

Loweruka linalo ndinaima kumsewu n'kumaonerera. Alendo anabwera ndi magalimoto atatu. Ana anaimba. Kenako alendowo anapanga mzere okha, akuseka, mmodzimmodzi n'kumawerama pakazenera, manja atatambasula, anzawo akuwajambula. Mayi wina wa nsapato zazitali anabwereza kawiri, ati choyamba sichinaoneke bwino.

Mufunsa chifukwa chake sindinabwerereko ndi nyundo ina. Ndinapitako kamodzi, masana dzuwa lili paliwombo. Nditangoponda pabwalo, kunamveka kukhwekhwereza kuja, ngati anthu akudzuka pomwe anakhala, akukonza mzere. Anandizindikira. Kwa iwo ine sindine mwana wa Khoviwa amene anagumula khoma. Ndine uja amapereka. Ndinasamuka mwezi womwewo n'kubwera kuno kwa mwana wanga.

Chaka chatha a Mulinga anandilondola mpaka kuno. Ndinawaona akubwera poteropo, ndipo ndinayamba kuzindikira msana ndisanazindikire nkhope. Ndinawapatsa mpando. Sanakhalepo, ananjuta pansi.

"Kalata ndinalemba, mayi," anatero. "Yopempha chilolezo chobwezeretsa khomo. Ndalemba katatu. Yankho silinabwere."

"Ndiye mwabwera kudzatani?"

"Mzere ukuyenda, mayi."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kiyi uja, ndinamuika pamphasa patsogolo pawo. Ndinati, "Nyundo ili mkati momwemo, pomwe ndinaigwetsa. Mupite masana. Musatenge kanthu kalikonse m'thumba."

Anamuyang'ana kiyiyo nthawi yaitali. Dzanja linapita, linabwerera.

"Popanda chilolezo, mayi?"

Anatsanzika mwaulemu, napita, kiyi anamusiya pamphasa. Anawapeza patatha milungu iwiri, atafera pakazenera paja. Bokosi lawo anakhoma ndi kalipentala yemwe uja, ndipo ulendo uno sanafunse muyeso.

Kazenerako kalipo mpaka lero, kopakidwa laimu, kosamalidwa bwino. Bungwe lili ndi wapampando watsopano, akuti ayamba kukonza nyumba ina ya kumtunda.

Mukabwerera kwanu ndi ufa wanuwo, nkhaniyi mukaikambeko, makamaka kwa anthu a mtima wabwino amene amakonda kukonza zakale. Mukawauze mofatsa kuti akapeza pogumuka, ayambe afunsa amene anagumula. Musaikometse, musaonjezere. Koma dzina lokha mukalitchule bwino, chonde: Wedisoni Khoviwa, mmisiri.